Wosoka Nsapato wa Pemphero Limodzi

Bambo wina wosoka nsapato, mayi ake anamuchenjeza kangapo konse. "Mwanawe, pemphero lobwereka lili ngati nsapato yobwereka. Tsiku lina lidzakuluma pagulu." Iye ankangoseka, kwinaku akukhoma chidendene cha nsapato ya kasitomala.

Bamboyu ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ina, ndipo anali ndi pemphero limodzi lokha. Analiloweza pamaliro, atalimva kwa mkulu wina wa mpingo wa mawu ngati bingu. Wosoka nsapatoyu akaliyamba m'tchalitchi, amayi ankafuula "Ameni" lisanafike n'pakati pomwe. Koma kunyumba, ana anga, munthuyu sankapempherera ngakhale chakudya. Ankalankhula ndi Mulungu pokhapokha pakhale anthu omvetsera. Zoterezi ine zimandiopsa kuposa njoka ya m'nyumba.

Ndiye apongozi ake aakazi anadwala n'kugonekedwa m'chipatala. Abale atazungulira bedi, mkazi wake anamukodola. "Bambo a ana, tatipempherereni."

Anakonza kolala, n'kutsokomola, n'kutsinzina. Poyamba zinayenda bwino. Koma pemphero loloweza lili ngati njinga yopanda mabuleki pamtsetse.

"Landirani, Ambuye, mzimu wa mtumiki wanu amene watisiya. Tonthozani ofedwa. Dothi libwerere kudothi..."

Apongozi aja, amene kwa masiku atatu sankatha n'kudzutsa mutu komwe, anakhala tsonga. "Wamwalira ndani? Mkamwini, manda anga mwakumba kale?"

Wodwala wa pabedi loyandikana anaseka mpaka namwino anabwera chothamanga. Koma mkazi wa wosoka nsapato uja sanaseke. Atatuluka panja anamuuza maso ali gwa: "Ine ndi ana tikakhala kwa amayi. Munthu woika amayi anga m'manda ali moyo sindingakhale naye nyumba imodzi. Mukadzamudziwa amene mumalankhula naye mukatsinzina, mudzatitenge."

Pofika mawa lake msewu wonse unali utamva. Wogulitsa m'sitolo muja anamupatsa dzina: a Dothi-kudothi. Makasitomala ankati, "Tisokereni nsapatoyi, koma chonde musaipempherere."

Nyumba itamukulira, anapita kwa mayi ake mutu uli pansi. "Amayi, ndiphunzitseni pemphero la odwala."

"Ukufuna kubwerekanso? Iwe, kasitomala akabwera umaloweza zomuuza?"

"Ayi, ndimangolankhula."

"Nanga Mulungu anakulakwira chiyani?"

M'mawa wotsatira, asanatsegule bokosi la zida, anakhala pakampando kake n'kutsinzina, popanda aliyense womuona. "Mulungu, ndine wosoka nsapato uja. Mwina mawu angawa simukuwazindikira, aja anali a eni ake." Atatero mawu anamuthera. Anakanda mutu. "Basi, ndibweranso mawa."

Manyazi anamugwira pomwepo, chifukwa nkhani ya mawa ndiyo ankapusitsa nayo makasitomala. "Mubwere mawa," nsapato asanaikhudze n'komwe. Koma ulendo uno mawalo anabweradi.

Musaganize kuti zinali zophweka. Tsiku lina anaodzera pemphero lili mkati, mpaka wogulitsa m'sitolo anamudzutsa ndi tsache. Tsiku lina pakamwa panayamba pokha, "Landirani, Ambuye," ndipo anadziphimba ndi dzanja lonunkha guluu. Tsiku linanso anangokhala duu, atakwiya, n'kunena kuti, "Lero ndilibe mawu, ndangobwera." Koma anabwera, ana anga. Chachikulu n'chimenecho.

Pang'ono ndi pang'ono nkhani zinayamba kutuluka. Anamuuza Mulungu za ulusi umene unkaduka, za mphika umene anapsereza, za mmene ankasowera phokoso la ana. Anayambanso kutchula apongozi ake, poyamba mokukuta mano, kenako ndi mtima wonse. Ndipo anazindikira chinthu choopsa: munthu amene umacheza naye m'mawa uliwonse n'kovuta kumunamiza. Akati adandaule za kasitomala wolongolola, ankakumbukira kuti nsapato yake yagona m'bokosi milungu iwiri. Anayamba kusoka pa nthawi yake. Anthu anadabwa, ena mpaka kufunsa ngati akudwala.

Patatha miyezi iwiri, anaona apongozi akubwera motsimphina, mkazi wake ali pambuyo. Apongoziwo anaima pakhonde paja n'kuvula nsapato imodzi.

"A Dothi-kudothi, mawa ndikubwerera kuchipatala, akukandichita opaleshoni ya bondoli. Akuti masiku ano mumalankhula nokha m'mawa. Ndipempherereni timve. Koma ine sinditsinzina. Mukangotchula dothi, nsapato iyi ikupezani pamphumi."

Mkazi wa wosoka nsapato anapinda manja. Wogulitsa m'sitolo anasuzumira pazenera kudikira zoseketsa. Bamboyo anadziwa kuti banja lake lapachikika pa mawu amene atuluke. Sanakonze kolala. Sanatsokomole.

"Atate, awa ndi apongozi anga aja ndimakuuzani m'mawa uliwonse. Akuopa za mawa, ngakhale sanganene. Inenso ndikuopa, za mawazo ndi nsapato ili m'manja mwawoyi. Gwirani manja a madokotala. Muwabweze akuyenda okha, zidendene zikatha ndizisoka ine. Ameni."

Nsapato ija inatsika pang'onopang'ono.

"M'mawa uliwonse?" apongozi anafunsa. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "N'lalifupi ngati mchira wa mbuzi. Koma lafika."

Mkazi wake anatambasula dzanja. "Bweretsani makiyi a nyumba. Ndikudziwa kuti mbale simunatsuke chichokere ine."

Apongozi anachira, ndipo mpaka lero amayenda okha kukalalatira mkamwini wawo.

Tsono inu amene mumatsegula pakamwa pokhapokha pagulu, ndikukuonanitu. Musadikire bedi la m'chipatala kuti mukayesere pamenepo. Yambani mawa m'mawa, ndi mawu anuanu, ngakhale akhale atatu. Mukaodzera, dzukani mupitirize. Mukasowa chonena, nenani kuti mwangobwera. Musataye mtima, Mulungu satopa ndi munthu wachibwibwi.

Koma chenjezo mulimve msanga. Bambo uja mkazi anabwerera, ana anabwerera, Mulungu anamukhululukira. Msewu wokha ndiwo sukhululuka. Imvi zili mbuu, adzukulu ali pamwendo, koma aliyense wodutsa pakhonde paja amakuwabe kuti, "Mwadzuka bwanji, a Dothi-kudothi?"