Dzina Limene Amayi Anakaniza Mdzukulu Wawo

Amayi anga asita zovala za anthu kwa zaka makumi atatu, m'kachipinda ka kuseri kwa malo ochapira, komwe zenera lake ndi limodzi, losatseguka. Anzawo amawatchula kuti Amayi a Simbi. Dzina lawo lenileni ndi Leya, koma mutawaitana nalo pamsewu sangacheuke n'komwe.

Nditabereka mwana wamkazi, ndinafuna kumupatsa dzina limenelo. Ndinalibe china choti ndiwathokoze nacho. Tsiku lotuluka m'chipatala amayi anabwera kuchokera kuntchito, nakhala m'mphepete mwa bedi, n'kuvula nsapato chifukwa mapazi anali atatupa. Namwino anafika ndi khadi kudzafunsa dzina la mwana. Ine monyadira ndinati alembe Leya.

"Musalembe," anatero amayi.

Ndinayesa akuchita manyazi, ndiye ndinaseka. Koma iwo osaseka. Anafotokoza kuti ali mtsikana, mphunzitsi wawo wa Baibulo anawawerengera m'buku kuti dzinali ndi la Chiheberi, ndipo ambiri amati limatanthauza wotopa. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, iwonso anaseka nawo. Kenaka anakwatiwa, bambo n'kuwasiyira ana anayi, simbi n'kulowa m'manja. Akuti kuyambira pamenepo sakumbukira tsiku limene anadzuka thupi lili lopepuka.

Ine mtima wanga suchedwa kupsa, ndimadziwa. Ndinawauza kuti zimenezo n'zachikale, dzina silinyamula munthu kukamuika pa thebulo lositira. Ndinawakumbutsa kuti Leya wa m'Baibulo anabereka mtundu wonse. Iwo anangoyankha kuti eya, n'chifukwa chake anatopa. Namwino anayang'ana kudenga, cholembera chili m'manja, kuonetsa kuti odwala ena akumudikira.

"Amayi, ndikufuna kukulemekezani. Kodi n'kulakwa?"

"Sindikuti dzina ndilo linandichita zimenezi, mwanawe. Koma ndikamamuitana mwanayu, sindikufuna kumadzimva ndekha. Lithere pa ine."

Zinandiwawa, ndisaname. Chibadwire changa, kukula, mpaka kubereka, ndinali ndisanawamvepo akunena kuti atopa. Nanenso sindinawafunsepo. Ndinauza namwino kuti asiye malowo osalemba, dzina tidzabwera nalo tsiku la sikelo.

Amayi anavalanso nsapato zawo, zidendene zili kunja, nanyamula mwana. Ine ndinatenga chikwama, tinayamba kutsika masitepe pang'onopang'ono, iwo akupumira pa sitepe iliyonse. Titafika pansi anandifunsa kuti kuntchito ndibwerera liti, kuti akapemphe abwana awo aziyamba masana, m'mawa azikhala ndi mwana.

Tsikulo ndinali nalo kale m'mutu. Ndinali nditawerengera kale kuti mwana azidzatsala ndi iwo, osawafunsa n'komwe. Ndinawauza kuti sindinadziwe.