Tambala wa pa Njinga ya Paison

Paison Alufandika anabadwira kumunsi kwa Bangula, m'mudzi umene madzi a Shire amaulowa chaka chimodzi mwa zitatu zilizonse. Anabadwa nyengo ya masau, mphepo ikuulutsa fumbi, ndipo anakulira m'minda ya thonje ndi mapira monga ana ena onse a kumeneko. Sukulu analekezera Sitandade 2. Mphatso yake inali m'manja. Ankaluka mlaza, kuwongola waya, ndiponso kusoka bwino kuposa telala wa pamsika. Kampani ya nzimbe itayamba kulemba anthu ku Chikwawa, iye anakwera lole yoyamba. Anamupatsa fosholo ndi ntchito yotsegula ndi kutseka ngalande zothirira, ndipo anaigwira zaka makumi awiri ndi zinayi osakwezedwa, osachotsedwa.

M'chaka cha 1971 anagula njinga yakuda, yogwirapo kale ntchito, kwa kalaliki wina amene ankasamuka. Chaka chomwecho anakwatira Luisa, mtsikana wofatsa wa kwa Katunga. Anthu a pakomboni ankati Paison walowa mitala, ndipo mkazi wamkulu ndi wa matayala awiriyo.

Sankanama kwenikweni. Akaweruka, dzuwa la m'chigwa likadali kuwotcha, Paison ankakhala pansi pa mtengo wa nimu ndi njinga yake. Masipoko anawaluka ndi timizere ta matumba a fetereza, tofiira ndi toyera, kotero kuti tayala likamazungulira linkaoneka ngati lichero latsopano. Pa handulo anaikapo magalasi anayi, mabelu atatu olira mosiyana, ndi nyali ziwiri za dayinamo. Felemu yonse anaikulunga ndi waya wamkuwa wotola ku galaja ya mathirakitala. Chishalo anachikuta ndi chikopa cha mbuzi yamawanga. Malimu ankawakwecha ndi phulusa ndi mandimu mpaka munthu ankatha kuonamo mano ake. Kaliyala anachotsa, poti ankati imaipitsa msana wa njinga, ndiponso imaitana anthu opempha kukwezedwa.

Mvula ikayamba, dothi la makande limagwira phazi ngati ulimbo. Nyengo imeneyo Paison ankapachika njinga ku denga ndi zingwe ziwiri, n'kumayenda wapansi mpaka Epulo. Njinga ija inali isanapondepo matope chiigulireni. Luisa atadwala matenda a mwana wawo woyamba mu Januwale, anayenda wapansi kupita kuchipatala, akupumira pa mtengo uliwonse, amayi awiri oyandikana nawo atamugwira m'mapewa. Mwanayo anali wamkazi, anamutcha Juliana.

Chaka chilichonse mu Novembala, nzimbe zikatha kudulidwa ndipo chigayo chikatsekedwa, antchito ankakhala ndi tsiku lawo pa bwalo la mpira la pakomboni. Kunkakhala mpira, kukokana chingwe, magule a amayi, ndi mpikisano wa njinga zokongola. Njinga zinkaima pamzere, oweruza atatu n'kumaziyendera. Kenako aliyense ankapalasa yake kuzungulira bwalo kamodzi, ndipo kanthu kakagwa panjira ndiye kuti watuluka. Wopambana ankalandira bulangete, ndipo dzina lake linkatchulidwa pa chimkuzamawu. Dzinalo ndi limene Paison ankalifuna. Zaka zinayi zotsatizana anakhala wachiwiri, kumbuyo kwa Sebastiano, woyendetsa thirakitala, mnzake amene anakwera naye lole imodzi kuchokera ku Bangula.

"Shamwali, chaka chino waikanso chiyani?" Sebastiano ankamufunsa akamadutsa pa nimu paja. "Uikeko ndi bedi, uzigona pomwepo."

"Pita uzikakoka matilela ako."

"Ndikupita. Koma bulangete lachinayi landichulukira. Ubwere udzabwereke, ukuzizidwa."

Sebastiano anapambana mu 1975 chifukwa cha kambendera. Njinga yake siinkafika pa ya Paison, aliyense ankaona. Koma mmodzi mwa oweruza anali tcheyamani wa nthambi ya chipani pakomboni, ndipo ataona kambendera ka dziko kakupepeluka pa handulo, anawomba m'manja, enawo n'kutsatira. Paison anaganiza za kambenderako dzinja lonse, akuponda matope kupita ku ngalande. Pofika masika anali atapeza yankho. Choposa mbendera pamaso pa tcheyamani chinali tambala wakuda, chizindikiro cha chipani.

Tambalayo anali pa nsalu ya Luisa. Masiku amenewo mayi aliyense pakomboni ankasunga nsalu ya chipani yovala povina pa misonkhano, ndipo kusowa nayo unali mlandu. Tsiku lina mu Okutobala, nyenje zikulira m'mitengo ngati zikucheka chitsulo, Luisa atapita ku mjigo, Paison anatulutsa nsaluyo m'sutikesi n'kudulamo tambala mmodzi ndi lezala.

Tambalayo anali wamkulu ngati zikhatho ziwiri. Pa handulo panali patadzaza, pa felemu sakanakwanira. Malo otambalala anali amodzi okha, kachikopa kolendewera kumunsi kwa madigadi ya kumbuyo. Paison anadula china chachitali kuchokera ku chubu cha thirakitala, chofika pafupi ndi pansi, n'kusokerapo tambala uja ndi ulusi wofiira, msoko wake waung'ono ngati mapira. Kuti kachikopako ntchito yake n'kutchinga matope, iye sanaganizeko. Kwa iye kanali malo oikapo chithunzi basi.

Luisa anabwera ndi ndowa pamutu, anaona nsalu ili pamphasa, bowo lili pakati.

"Bambo a Juliana, mwatani?"

"Ndatengako mmodzi. Atsala ambiri."

"Nanga ine ndikavina nditavala chiyani? Mukufuna andimange?"

"Upinde bwino, bowolo libisike m'chiuno. Ndani amavundukula nsalu ya mkazi wa mwini?"

Luisa anatula ndowa, anakhala pansi n'kuyamba kuyesa mapindidwe.

Tsiku la mpikisano kunacha kotentha kuposa masiku onse. Phulusa la nzimbe zotsiriza kuwotchedwa linali likadali pa madenga. Cha m'ma leveni mitambo inayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri a ku Thyolo, koma palibe anaisamala, poti inali itachita zimenezo sabata yonse osagwetsa kanthu. Njinga khumi ndi zinayi zinaima pamzere. Oweruza atafika pa ya Paison, tcheyamani anazungulira kumbuyo, anawerama, n'kumwetulira.

"Uyu ndiye mwana wa chipani," anatero.

Sebastiano anamva. Anayang'ana kambendera kake, kenako anayang'ana kumwamba.

Njinga zisanu zinali zitazungulira pamene mphepo inatembenuka. Inabweretsa fungo la dothi lonyowa, kenako chizimalupsa chinagwa, madontho akuluakulu ngati nthudza. Ana anakuwa ndi chimwemwe. Siinakhalitse, mwina mphindi khumi zokha, koma makande safuna mvula yambiri. Dzuwa litatulukanso, bwalo linali lakuda ndi lonyezimira.

Ena anakana kupalasa. Paison anaima ndi njinga yake paphewa, akuyang'ana matope, nkhope yake ngati ya munthu amene auzidwa kuti aponye mwana m'madzi. Koma tcheyamani anali atanena kale mawu aja, ndipo pakati pa iye ndi chimkuzamawu panangotsala kuzungulira kumodzi. Anaitsitsa, anakwera. Anapalasa pang'onopang'ono, msana uli chiwongokere, akuliza mabelu atatu aja mosinthanitsa. Palibe chimene chinagwa. Anthu anaimirira, amayi analuluta. Iye sankaona za kumbuyo kwake, kumene kachikopa kankakhukhuluza m'matope ngati mchira wa ng'ona.

Atatsika, kalaliki wa pa chimkuzamawu anali atatsegula kale pakamwa. Sebastiano ndiye anayamba, mokweza, koma ngati akucheza.

"A tcheyamani, pepani, ine sukulu ndilibe. Kodi tambala wathu masiku ano malo ake ndi kumatako kwa njinga, kudya matope?"

Tcheyamani anabwerera, anawerama kachiwiri. Tambala sankaonekanso, kunangotsala lipombo lake. Mwina munthuyo anakumbukira kuti iye mwini anayamikira chinthucho anthu onse akumva, pakuti ataweramuka mawu ake anali aukali kuposa mlanduwo. Anakodola anyamata ake anayi a malaya ofiira.

"Njinga iyi muiphwanye pompano, zitsulo zake mukataye mu Shire. Mwini wake akafotokoza ku boma."

Mnyamata wina anagwira handulo, galasi limodzi linathyoka. Paison anagwada m'matope, dzanja lake lili pa chishalo.

"Bwana, nkhabe, ayi, musaiphwanye! Njinga siinalakwe!"

"Walakwa ndani? Anadula nsalu ya chipani ndani? Anaisokera kumatope ndani?"

Paison anayang'ana galasi lothyoka lija. Kenako anayang'ana kutsidya kwa bwalo, kumene amayi anaima pamzere kudikira gule wawo.

"Ndi mayi a kunyumba, bwana. Ine ndinangowapatsa chikopa kuti andikongoletsere. Kusoka ine sindidziwa."

Pabwalopo panalibe munthu amene Paison sanamusokerepo nsapato kapena chikwama. Ngakhale lamba amene tcheyamani anavala tsiku limenelo anadutsa m'manja mwake. Palibe anatsegula pakamwa. Kwa tcheyamani, mkazi wodula nsalu unali mlandu wosavuta kuutumiza kuposa njinga imene iye anaitamanda.

Anamubweretsa Luisa pakati pa bwalo, Juliana atamugwira chala. Mayi wamkulu wa gule anamumasula nsalu ija n'kuitambasula m'mwamba, ndipo anthu anaona thambo kudzera pa bowolo. Ena anaseka. Luisa anatsala ndi kadiresi kakale kong'ambika m'khwapa.

"Nsaluyi ndi yako?"

"Ndi yanga, bambo."

"Unadula ndiwe?"

Luisa anayang'ana mwamuna wake. Paison anali akadali chigwadire, akuchotsa matope pa limu ndi chala chachikulu.

"Bambo a Juliana," anaitana motsitsa. "Bambo a Juliana, akundifunsatu."

Paison sanadzutse mutu.

Anyamata aja anamukweza Luisa pa tilela ya nzimbe, ulendo wa ku boma, ndipo Sebastiano ndiye anauzidwa kuti ayendetse thirakitala mpaka pamsewu waukulu. Juliana anamunyamula mayi wina woyandikana nawo. Tcheyamani analamula Paison kuti avule malaya apukute tambala mpaka ayere, kenako amumasule n'kumupereka ndi manja awiri. Anachita zonsezo, nathokoza m'chinenero cha kwawo, "Takhuta, bwana." Bulangete la chaka chimenecho linapita kwa munthu wina wa ku chigayo. Gule anavinidwa, mpira unaseweredwa. Paison ananyamula njinga paphewa kupita nayo kunyumba, ndipo madzulo onse anakhala pa nimu akutsuka masipoko limodzilimodzi.

Mvula yeniyeni inabwera mu Disembala. Shire anadzaza, udzudzu unachuluka, mapira anamera n'kufika m'chiuno. Luisa anabwerera mu Malichi, mapirawo akumasula. Anali atametedwa mpala, mano awiri akutsogolo palibe, ndipo khutu lakumanzere silinkamvanso. Za kumene anali sanauze munthu, ndipo panalibe wofunsa. M'nyumba sanalowe. Anatenga Juliana kwa mayi uja, n'kumubereka ngakhale anali wamkulu woyenda yekha, nauyamba wapansi ulendo wa kwa Katunga. Paison anali ku ngalande. Ankhoswe anakumana kamodzi kokha, ukwati unathera pomwepo.

Anthu a pakomboni sanamusale Paison. Ankamubweretserabe nsapato, iye n'kumasoka. Ndi Sebastiano anakhala miyezi iwiri osayankhulana, kenako anayambanso kupatsana moni, poti njira ya ku ntchito inali imodzi. Chilimwe chimenecho Paison anapeza galasi lina, anasintha timizere ta m'masipoko, ndipo kachikopa ka kumbuyo anakasiya kopanda kanthu. Pa handulo anaikapo timbendera tiwiri.

Mu Novembala wa 1977 kunalibe mtambo. Bwalo linali louma, long'aluka ngati chidendene. Paison anazungulira, mabelu akulira, ndipo chimkuzamawu chinatchula dzina lake lonse, Paison Alufandika, kawiri. Anthu anawomba m'manja kwambiri, amayi analuluta, tcheyamani anamugwira chanza. Anapambananso zaka zitatu zotsatira, mpaka mpikisanowo unazilala wokha achinyamata atayamba kukonda mawailesi. Sanakwatirenso.

Bulangete loyamba lija sanafunde. Analikulunga bwino mu pepala la simenti n'kupatsira munthu wa kwa Katunga kuti akapereke kwa Luisa. Patapita sabata, mlongo wake wa Luisa, bambo Elias, anabwera nalo yekha, lili chimangire. Anamupeza Paison pa nimu, anakana mpando.

"Alamu, katundu wanu uyu."

"Ndinatumizira mayi a Juliana. Adzafunde nyengo yozizira."

"Alandira uthenga. Akuti mufunditse njinga."

Elias anaika mtolo pansi n'kubwerera. Paison anaumasula, anatambasula bulangete, analikutumula. Linali lalikulu bwino, laubweya wofewa wosakanda utoto. Analiyesa kuyambira pa handulo mpaka ku madigadi ya kumbuyo, ndipo linakwanira.