Makutu a Bambo Okonda Sega

Bambo a pafulati yapakona ku Thamesmead, mumzinda wa ku Mangalande, sakhazikika. Tsiku lonse amangozungulira pabalaza, kulumikiza ndi kuzula mawaya a timakina takale ta magemu, ta Nintendo ndi Sega.

"Nintendo imayimba mofewa ngati kwaya," amatero, "koma Sega imakulowa m'mafupa."

Loweruka lina mwana wawo Chiye anawapeza akugwedeza mutu, akuyamikira besi ya Sega.

"Adadi, sipika simunalumikize. Palibe chikulira pano."

Bambowo anaima chilili, maso ali pa waya wolendewerayo. Nyimboyo inali m'mutu mwawo mokha.

"Mawa undiyimbire foni kwa GP, dokotala uja," anatero chapansipansi. "Koma amayi ako usawauze. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwanyozera Nintendo yawo. Adzati ndinkangotsutsa ndisakumva."