Ndime yachitatu imene ndinapeka pamsewu

Ambuye andikhululukire, ndinanamapo pogwiritsa ntchito nyimbo ya kutchalitchi.

Mwana wanga Yohane ankayendetsa lole ya bambo wina wa pa boma. Tsiku lina ananditenga ndi dengu langa la chambo pa ulendo wa ku Salima. Dzuwa linali litakwera, nsomba zayamba kufewa, ndipo ndinali ineyo womukakamiza kuti, “Ponda moto mwanawe, zindiwolera!”

Titangowoloka mlatho, wapolisi anatiimitsa. Mnzake anali atabisala pamtengo wa mango kumbuyoko, ndipo ife tikudutsa anakweza kansalu koyera, uyu n'kuyamba kuwerenga nthawi pawotchi. Anati tafika msanga kwambiri, nalanda laisensi. Popanda iyo, ntchito ya Yohane inali itathera pomwepo.

Masiku a chipani chimodzi aja, wapolisi sunkatsutsana naye. Koma ine ndinatsika n'kugwada pafumbi.

“Bwana, wotchi yanuyo yalakwitsa. Kuchokera pamangopo ndaimba ndime zitatu zathunthu.”

“Imbani timve, mayi,” anatero, chala chili pawotchi.

Nyimbo imene ndinayambitsa ili ndi ndime ziwiri basi. Ndinazikoka ngati pamaliro. Yachitatu ndinaipeka pomwepo, thukuta lili kamukamu. Ndinaikamo Yordano, angelo, mpaka chambo chinalowamo. Yohane ankangoyang'ana matayala.

Wapolisiyo, Mulungu amudalitse kulikonse ali, anavula chipewa n'kupukuta nkhope.

“Mayi, ine ndakulira m'kwaya ku Liwaladzi. Ndime imeneyo sindinaimvepo.” Anaponyera Yohane laisensi yake. “Dzukani, nyamukani musanayambe yachinayi.”