Mgolo wa Achimwene Wondimu pa Tsiku la Gabirieli

Achimwene anga a Wondimu atha zaka makumi atatu akutsuka mapaipi a mowa wa pampopi m'mabala a ku Piassa, dera la mumzinda wa Addis, koma kunyumba kwawo anali asanatungirepo mlendo ndi dontho lomwe. Imeneyo inali ntchito ya akazi awo, alamu anga a Askale, akatswiri ofulula tella, mowa wathu wa pakhomo. Alamuwo atamwalira, a m'gulu lathu la kutchalitchi la Gabirieli Woyera, lomwe limasonkhana kwa mmodzi mwezi uliwonse, anayamba manong'onong'o akuti nyumba yopanda wofulula angoidumpha. Anayambitsa ndi mayi Mulunesh, mnzawo wa ponda apa m'pondepo wa malemuwo. Achimwene zinawapweteka, ndipo anakanitsitsa kwamtuwagalu.

Tsiku lawo lolandira gululo litayandikira, anaboola filiji yakale, kulowetsamo mgolo wachitsulo wa mowa, pambali n'kumangirira botolo la gasi. Masiku awiri ankangoizungulira ngati nkhuku yofuna kuikira.

"Tsehaynesh, kuzizira kukhale madigiri atatu, muvi wa gasi uloze apa," anandiuza. "Kuno ku Addis tili pamwamba, gasi amafunika wochulukirapo. Usakhudze kanthu!"

Ine mpopi wawo sindinaukhudze. Ndinangozula chingwe cha filiji m'mamawa wa tsikulo n'kulumikiza chiwaya chamagetsi chophikira injera, mkate wathu wopyapyala, poti soketi m'nyumbamo ndi imodzi. Nanga anthu makumi anayi akanadya mowa? Kubwezeretsa chingwecho ndiye ndinaiwaliratu.

Masana nyumba inadzaza mpaka pakhonde. Ansembe athu, Aba Kidane, atadalitsa mkate, achimwene anatsegula mpopi monyadira. Phwaa! Thovu lokhalokha. Ife mlendo timamudzazira chikho mpaka m'milomo, ndiye kumupatsa thovu n'kumutukwana.

"Mwatiitanira sopo, a Wondimu?" anatero mayi Mulunesh.

"Chepetsani gasi, inu!" anakuwa abambo angapo, aliyense wasanduka katswiri.

Achimwene anagwira mgolo, kuyang'ana soketi, kenako kundiyang'ana ine. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Gasi alibe mlandu, mowa wafunda," anatero. "Mukamuchepetsa ndiye thovulo liwonjezeka. Iwe Tsehaynesh, thamanga kwa wogulitsa nsomba, ukatenge ayisi yense!" Kenako anawerama kwa ansembe. "Abambo, tifotokozereni za amuna atatu a m'ng'anjo yamoto aja, omwe Gabirieli anawapulumutsa. Koma musafulumire kuwatulutsa."

Ndinathamanga, ine mayi wa zidzukulu zinayi, mpango uli m'manja. Pobwera ndinapeza achimwene atapinda paipi yaitali mozunguliza m'beseni lochapira zovala, kuti mowa uzizirire m'njira usanafike pampopi. Tinakhuthulira ayisi pamwamba. Uku Aba Kidane anali akusonkhezabe ng'anjo yawo, thukuta lili kamukamu, diso limodzi lili kwa achimwene. Anthu atatu aja anakhalitsa pamoto kuposa chaka china chilichonse.

Achimwene atagwedeza mutu, ansembe anati "Amen" pakati pa chiganizo. Mpopi unatseguka. Mowa unatsika mwaulemu, wozizira bwino, kathovu kake kochepa ngati chala chimodzi. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu, ndipo yanga inaposa zonse.

Chikho choyamba chinapita kwa ansembe. Chachiwiri achimwene anachitenga pamwamba pa kabati, chanyanga chija alamu ankamwetsera mayi Mulunesh okha. Anachidzaza mpaka kusefukira n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Mayiwo anamwa pang'ono, n'kuyang'ana chikhocho.

"Askale akanati ndi madzi amenewa," anatero. "Chomwe ndinkakanira nyumba ino sunali mowa, a Wondimu. Ndinkaopa kulowa muno osamupeza."

Achimwene anakhala pansi pafupi nawo, misozi ili mbwembwembwe, mpopi atauiwala. Alendo ena onse ndinawatungira ndine.