Inde wa Achemwali

Achemwali anga a Zubeida anakulira kuseri kwa shopu ya bambo athu ku Area 2, pakati pa makina osokera ndi phokoso la maminibasi. Kuyambira ali mwana ankalamula aliyense, ngakhale nkhuku za aneba, ndiye atalowa ntchito yowongolera ndege sitinadabwe. Iwo amaonetsetsa kuti ndege zikamadutsana mumlengalenga, ina ikhale pamwamba, ina pansi, pakati patsale mpata wokwanira. Ine Bwanali ndimagulitsa nsalu, zakumwambazo ndimangomva kwa iwo.

Tsiku lina anatulukira pashopu dzuwa likuswa mtengo, milomo ili gwa. Ndinkayesa kwagwa maliro. Anakhala pamulu wa zitenje nkundifotokozera.

Mnzawo wa dziko loyandikana nalo anaimba foni kufunsa za ndege imene achemwali ankaiperekeza kumalire. Anafunsa m'Chingerezi kuti, "Sikukwera?" Iwo anayankha kuti inde, monga timayankhira tonsefe: inde, sikukwera. Koma mnzawoyo anamva kuti inde, ikukwera. Poganiza kuti njira yatsala yopanda kanthu, analowetsamo ndege yake yochokera kutsogolo. Makina a m'ndegemo ndiwo anachenjeza oyendetsa, wina nkukwera, wina nkutsika, mpaka analambalalana.

"Ndege ziwiri zodzaza anthu, Bwanali," anatero. "Ndi pakamwa pangapa."

Pali akatswiri amene amalondoloza za kutalikirana kwa ndege m'maiko onse a chigawo chino. Mawu a pafoni aja anali atajambulidwa, ndipo anatumizidwa kwa akatswiriwo. Achemwali anauzidwa kuti ayambe akhala pakhomo.

Ine zinandipsetsa mtima. Munthu wayankha zoona, ndiye alakwe ndi iyeyo? Koma mwiniwake sankafuna kumva zimenezo. Ankati kumwamba kulibe zoti ndimatanthauza chakuti. Anawonda ngati wadwala malungo. Ndege ikamveka patali ankasiya chilichonse, khutu lili tcheru, mpaka phokoso lizimiririke. Mwana wawo atawafunsa kuti, "Amayi, simudya?" anangomuyang'ana, akuopa kunena inde kapena ayi. Apa ndinachita mantha zenizeni. Ndinaona kuti ngakhale atawabwezera ntchito, mwina sadzakhulupiriranso lilime lawo.

Patapita nthawi anawaitana ku ofesi ina ku City Centre. Akatswiri aja anapeza kuti onse awiri anaphonya: wofunsa sanayenere kufunsa mokana, ndipo woyankha anayenera kunena mawu onse, osati inde yekha. Achemwali anachita maphunziro obwereza nkuloledwa kubwerera. Kunyumba tinasangalala, koma iwo ayi. Ananena kuti mwina ndi bwino azingosoka madiresi ndi bambo, chifukwa singano ikaphonya umangosula ulusi.

M'mawa wa tsiku lobwerera ndinawapeza atavala kale, atangokhala pakhonde, chikwama chili pamiyendo. Ndinawaperekeza kudepoti. Makondakitala ankakuwa, minibasi ya ku Lumbadzi, kumene kuli bwalo la ndege, inkadzaza, iwo ali chiimire pachitseko. Ine ndi pakamwa panga posagwira mutu ndinafunsa kuti, "Achemwali, simukuopa?"

Anatsegula pakamwa, nkutsekanso. Kenaka ananena pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha.

"Ndikuopa. Ndikupita kuntchito."

Anakwera, ndipo kondakitala anatseka chitseko.