Werenga Kaye Usanadule Waya

Lachisanu pa 28 Febuluwale, nthawi ili 10 koloko m'mawa, kampani ina yokonza mamota a magetsi inatseka zitseko. Antchito 41 anamva nkhaniyi kudzera pa pepala lomatidwa pageti. Pepalalo linali ndi mizere inayi yokha: ndalama zakunja zogulira waya ndi zipangizo sizikupezeka, tsiku lotsegulanso silikudziwika, aliyense atenge zake.

Mmodzi mwa anthuwo anali bambo wazaka 52 amene anzake ankamutcha a Kopa, chifukwa cha waya wa kopa umene anakhala akukulunga m'mamota kwa zaka 23. Nkhani ino ndi yawo. Yalembedwera inu amene mumayang'ana ana anu akudya, n'kumadzifunsa chamumtima kuti adzadya chiyani inuyo mukadzachoka.

A Kopa anatuluka pageti ndi maovololo awiri, pulayala, kachitsulo koyezera kunenepa kwa waya, ndi mipukutu iwiri ya waya imene kapitawo anawalola kutenga. Lolemba lotsatira anadzuka nthawi yawo ya masiku onse, navala, nayenda mpaka pageti paja. Anawerenganso pepala lija, n'kubwerera. Anachita zimenezi masiku 9. Miyendo inali isanamve kuti ntchito yatha.

Komatu chimene chinkawasowetsa mtendere si ntchito yawoyo ayi. Anali mwana.

Mwana wawo woyamba, mtsikana wazaka 24, anali ndi dipuloma ya ntchito za mu ofesi. Pakhomo ankamutcha Bwana kuyambira ali wamng'ono, ndipo dzinalo anamupatsa ndi bambo akewo. Iwo analibe pepala lililonse la sukulu. Ntchito anaiphunzira ndi maso. Choncho anaika lamulo m'nyumba: mwana wawo asadzagwire chitsulo. Poweruka ankayamba asamba m'manja ndi sopo ndi mchenga pampopi wa kuntchito, kuti ana asaone n'komwe kuda kwa ntchitoyo.

"Manja anga ade kuti anu ayere," ankatero.

Manja a Bwana anayeradi. M'zaka ziwiri analemba makalata 67 ofunsira ntchito, naitanidwa katatu kokha. Boma linali litaimitsa kulemba anthu ntchito mpaka chisankho chitachitika, ndipo chisankhocho chinasunthidwa kawiri. Makampani nawo ankadikira kuti aone kumene mphepo ilowere. Mitengo ya zinthu yokha ndiyo sinadikire munthu.

Tsiku lina pa chakudya chamasana, mng'ono wake wa Bwana, amene anali ku sekondale, anafunsa mosaganiza kawiri: "Ngati asisi akungokhala ndi dipuloma yawo, ine ndikuvutikiranji ndi masamu?"

A Kopa anasiya mbale, natuluka panja.

Pa 17 Malichi, Bwana anakalembetsa pasipoti. Anali atadziwana pafoni ndi mayi wina wotumiza atsikana kunja kukagwira ntchito za m'nyumba. Nkhaniyi a Kopa anaimva kwa akazi awo.

"Ndinamuphunzitsira kukakolopa m'nyumba za anthu osawadziwa?" anafunsa akuzungulira m'chipindamo. "Mayi ameneyo munamuonapo nkhope yake?"

"Khalani pansi, abambo ake, mutha simenti," anatero akazi awo. "Nkhope sindinaione. Koma inuyo muli ndi chiyani choti mumupatse kuti akhale?"

Funso limenelo linawatsata kulikonse ngati ntchentche.

Pa 7 Epulo anaika tebulo pakhonde la kuseri kwa nyumba, nalemba chikwangwani ndi penti yotsala. Kunkabwera timafani, timakina tometera, nthawi zina pampu yaing'ono. Panali chinthu chimodzi chimene sanauze munthu: maso anali atayamba kuchita chidima pa zinthu zapafupi. Kukampani kunali nyali yowala ndi galasi lokulitsa zinthu. Pakhonde panalibe.

Lolemba pa 9 Juni kunafika mayi wina, mwini bekale ya kumsika, akukankhitsa wilibala. Munali mota ya makina okandira ufa wa buledi, yopsa. Yatsopano anaifuna m'masitolo onse osaipeza.

"Akuti inu ndi dokotala wake," anatero. "Ndili ndi antchito asanu ndi mmodzi, bambo. Makinawa akagona, tonse tagona."

Ntchito imeneyi ili ndi lamulo lake. Mota ikapsa, mmisiri sathamangira kudula waya wopsawo. Amayamba watulutsa koyilo imodzi, ndiye kuti mtolo umodzi wa waya wokulungidwa, n'kuwerenga kuti unazungulira kangati. Amayezanso kunenepa kwake. Akatero ndi pamene amadula zotsalazo, n'kukulunga waya watsopano mofanana ndendende. Ukaphonya chiwerengero mota imayenda ndithu, koma imatentha mpaka kupsanso. A Kopa anauphunzitsa lamuloli anyamata ambiri kukampani: werenga kaye usanadule.

Anawerenga katatu. Waya unali utamatana ndi vanishi wopsa, utomoni umene amakutira nawo waya, ndipo maso ankayenderera misozi. Anapeza 52, kenako 55, kenako 52. Anasankha 52. Waya wakalewo anagulitsa kwa ogula zitsulo, mota naipereka pa 16 Juni.

Inagwira masiku awiri ikutentha. Lachinayi pa 19 Juni inafuka utsi.

Wilibala inabweranso, ndipo ulendo uno mayiyo ankakankha yekha.

"Bambo inu! Ndinabweretsa wodwala, mwandibwezera maliro!" Mawu ake anamveka mpaka nyumba yachitatu. "Zaka 23 zimene amanenazi, munkakonza mamota kapena munkawalondera?"

Anaitula pakhonde, napita. A Kopa anayang'ana mpukutu wa waya. Wotsalawo unali wokwana mota imodzi yokha, ndipo m'tauni monse waya munalibe. Chiwerengero chenicheni chinali chitapita ndi ogula zitsulo. Masana onsewo anangozungulira nyumba, kuchoka pakhonde kukafika pageti, kuchoka pageti kubwerera pakhonde. Madzi anali atafika m'khosi.

Cha m'ma 4 koloko Bwana anatuluka m'nyumba atanyamula kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Anakaika patebulo, nakafunyulula. Inali koyilo yopsa ija, imene bambo ake anawerenga n'kuiponya pansi. Mtsikanayo anali ataitola posesa.

"Ndi 61, Ababa."

"Chiyani?"

"Si 52. Ndi 61. Ndawerenga kanayi. Ndimalekanitsa waya ndi singano, ndikafika khumi ndimamanga ulusi."

A Kopa anapapasa ndi zala. Timitolo tomangidwa ulusi tinali tisanu ndi kamodzi, ndipo pambali panatsala waya umodzi. Zala sizinama ngati maso.

"Wakuuza ndani kuti ugwire zimenezi?"

"Palibe. Munatiletsa kugwira, koma kuona simunatiletse. Zenera la kuchipinda kwathu lili pamwamba pa tebulo lanuli. Ndakhala ndikuonera kuyambira mu Epulo."

"Ine ndinati manja anga ade..."

"Kuti anga ayere. Ayera, Ababa, onani." Anawatambasulira manja onse awiri. "Ndiye ndidye kuyerako?"

Akazi awo anali ataima pakhomo ndi beseni la zovala. "Za masozo musabise," anatero. "Tinaona kalekale. Nyuzipepala mumaigwira kutali ngati ili ndi fungo."

Mng'ono uja anaseka m'nyumba, kenako anadzigwira pakamwa. A Kopa sanaseke. Ankangotembenuza koyiloyo m'manja. Lamulo la zaka 24 silifa msanga. Pomaliza analowa m'nyumba, natuluka ndi ovololo yachiwiri ija.

"Pinda miyendo yake, ndi yaitali," anatero. "Ndipo tsitsilo umange. Mota sidziwa dipuloma."

Anagwira ntchito masiku asanu ndi awiri. Bambo ankanena, mwana ankawerenga ndi kukulunga. Koyilo ziwiri zoyamba zinatuluka zopotoka, ndipo anazimasula pang'onopang'ono kuti waya usaonongeke, pakuti wotaya panalibe. Zala za Bwana zinachita matuza, vanishi analowa m'zikhadabo. Uvuni woumitsira vanishi anaupanga ndi mgolo ndi mababu anayi. Tsiku loumitsa magetsi anazima maola 11, ndipo anadikira tsiku lina.

Lachisanu pa 27 Juni anaiyatsa ku bekale. A Kopa sanathe kuima malo amodzi. Anatuluka ndi kulowa kasanu ndi kawiri. Patatha maola atatu, mwini bekale anaika dzanja pa motayo, nalisiya pomwepo.

"Yangofunda ngati mwana wathanzi," anatero. Anayang'ana manja a Bwana. "Ndiye mwana ameneyu munkamubisa kuti, bambo? M'sutikesi?"

Pakamwa pomwe panawanyoza paja ndi pomwe panawalengeza. Popeza mamota atsopano sankalowa m'dziko, aliyense anayamba kufukula akale. Anabwera a zigayo, a makina owotcherera zitsulo, a mapampu a madzi. Mu Ogasiti a Kopa anagula magalasi a maso. Mu Seputembala anachoka pakhonde, nalowa m'chipinda china kuseri kwa malo omatira matayala. Anaitana anzawo awiri a kukampani kuja, amene mmodzi mwa iwo anali atayamba kugulitsa makala.

Dipuloma ija nayo inapeza ntchito. Bwana analamula kuti mota iliyonse ijambulidwe pafoni isanamasulidwe, ndipo ikhale ndi khadi lake: chiwerengero cha waya, kunenepa kwake, tsiku. Amisiri akuluakuluwo anang'ung'udza sabata imodzi. "A Kopa, dzina loti Bwanali munalipereka mukudziwa," anatero wa makala uja. Kenako mota ina inabweranso kachiwiri, khadi linatuluka m'dirowa, ndipo ntchito ya masiku atatu inatha tsiku limodzi. Kung'ung'udza kunathera pomwepo.

Musaganize kuti njira inasalala. Mu Okutobala waya unasowa masiku 26, ndipo anthu anayi ankangopukuta zitsulo n'kumayang'ana kumsewu. Chisankho chinachitika mu Novembala, misika inatsekedwa sabata yathunthu. Mu Januwale ndalama inagwa mphamvu, mtengo wa waya unakwera kuwirikiza kawiri. A Kopa mpaka lero amayamba ndi kumvera nkhani pawailesi asanasambe kumaso, ndipo nthawi zambiri amaitseka isanathe. Koma chitseko cha chipinda chija sichinatsekedwe ngakhale tsiku limodzi la ntchito. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Panatsala khoma limodzi. Mafakitale ndi mabungwe akuluakulu sapereka mamota awo kwa mmisiri wopanda satifiketi, ndipo m'chipindamo munalibe amene anali nayo. Lachinayi pa 12 Malichi, Bwana anakalemba mayeso a umisiri. Mwa olemba 33, akazi anali awiri. Anauzidwa kuti zotsatira zituluka pakatha masabata asanu ndi limodzi. Masabatawo asanathe, boma latsopano linathetsa bungwe loyendetsa mayesowo, ndipo lina silinasankhidwe.

Chimene chinatuluka ndi china. Lolemba pa 4 Meyi, patatha chaka ndi masabata asanu ndi awiri, pasipoti ija inatuluka. Mayi wotumiza atsikana kunja uja anaimba foni kawiri. Anati malo alipo, ndipo awasunga mpaka pa 30 Juni.

Bwana anaika pasipotiyo m'dirowa ya makadi. Kwa sabata ziwiri a Kopa ankafika msanga kuntchito, n'kutsegula dirowayo kuti aone ngati ikadalipo. Tsiku lina mwanayo anawapeza dzanja lili momwemo.

"Mukufuna khadi liti, Ababa?"

Anatseka dirowa. "Upita?"

"Mundiletsa?"

"Ndinakuletsa kamodzi, tinatsala pang'ono kugona ndi njala. Sindiletsanso. Ndikungofunsa."

Bwana anavala ovololo yake, napinda miyendo yake monga mwa masiku onse. "Sindinadule, Ababa. Ndikuwerenga kaye."

Tsiku limenelo poweruka, a Kopa sanaime pampopi. Anafika kunyumba ndi manja akuda, nakhala pansi pafupi ndi mwana wamng'ono uja, amene ankalimbana ndi masamu ake. Anatenga pensulo, namuonetsa mmene 52 ndi 61 zinasiyanirana pa mota ya ku bekale. Pepala la mwanayo linada ndi zala zawo.

Inu makolo amene mtima uli m'mwamba chifukwa cha ana: tsiku la chisankho simulisankha inu, mphamvu ya ndalama simuigwira inu. Koma chimene manja anu amadziwa ndi chanu, ndipo palibe pepala la pageti limene lingakulandeni. Musachibise kwa ana poganiza kuti mukuwateteza. Apatseni sukulu, apatseninso luso lanu, ngakhale likhale lodetsa m'manja. Ndipo mukalakwitsa chiwerengero, waya n'kutsala wa mota imodzi, musataye mtima: yang'anani pazenera. Mwina pali amene wakhala akuonera.

Lero ndi Lachisanu pa 19 Juni, chaka chathunthu chifukireni utsi mota ija. Ku bekale ikugwirabe ntchito. Zotsatira za mayeso sizinatuluke. Pasipoti ili m'dirowa, pansi pa makadi 214, ndipo kwatsala masiku 11 kuti pa 30 Juni pafike.